Mowa amafulula, kachasu amatcheza

Funso la sabata ino lachokera kwa m'bale wathu amene amagwira ntchito ku Cape Town. Iye walemba kuti: "Loweruka ndikaweruka ndimakonda kupita pamalo ena ku Woodstock. Eni ake amapanga okha mowa, mathanki ake umachita kuwaona kuseri kwa galasi, ndipo amagulitsa pomwepo pamodzi ndi tchipisi ndi mabaga. Kuno mowawo amautcha craft beer, malowo amati brewpub. Pofotokozera amalume a ku Dedza pa foni ndinati ndimamwa mowa wa manja, iwo anaseka mpaka kutsokomola. Ndikanati chiyani? Nanga zakudya za pamowazo dzina lake n'chiyani?"

Achimwene, amalumewo musawakwiyire. Kwathu kuno "wa manja" timanena malipiro, monga ndalama imene umapatsa telala kapena mmisiri chifukwa cha ntchito yake. Ndiye iwo anamva ngati mumagwira ganyu n'kumalipidwa mowa.

Koma vuto linayambira pa mneni. Mwalemba kuti "amapanga mowa". Aliyense akumvani, ndipo m'tauni ambiri amatero, koma Chichewa chili ndi mneni wakewake wa ntchito imeneyi: kufulula. Mayi wa kumudzi amaviika chimanga, mawere kapena mapira, n'kuzifunditsa mpaka zitamera. Akaziyanika n'kuzisinja, chimenecho ndi chimera. Amaphika phala mu mgolo, kuthiramo chimera, kulisiya masiku angapo kuti lisase, kenako kusefa. Ntchito yonseyo, kuyambira pa chimera mpaka pa chipanda, ndiyo kufulula. Azungu a ku Woodstock aja akuchita zomwezo. Kusiyana kwake n'kwakuti chimera chawo n'cha balere, amathiramo hops amene amaupatsa kuwawa ndi fungo lija, amaikamo yisiti, ndipo m'malo mwa mgolo wa dzimbiri ali ndi mathanki onyezimira. Choncho musaope kunena kuti amafulula, ndiponso malt wawoyo mutchuleni kuti chimera. Palibe chimene mwanama.

Musasokoneze ndi kutcheza. Kachasu ndiye amatcheza, chifukwa amachita kuwiritsa mphika n'kumadontheza nthunzi yake kudzera mu mpope wodutsa m'madzi ozizira. Munthu wonena kuti "akutcheza masese" kapena "akufulula kachasu" akuonetseratu kuti sanakhalepo pafupi ndi moto wake. Thobwa nthawi zambiri timangoti kuphika. Ena amatinso kuphika mowa, ndipo sindingawatsutse, poti phala lija amaphikadi. Ine ndimakonda kufulula chifukwa mneniyu sapita kwina, sungafulule nsima.

Tsono craft beer tinene kuti chiyani? Ine sindiona chifukwa chopekera dzina latsopano loti palibe amene adzalinene. Chimene chimasiyanitsa mowawu ndi wa m'botolo wamba n'chakuti eni malo amafulula okha, wochepa, ndipo umakoma mosiyanasiyana malinga ndi dzanja la wofululayo. Ndiye nenani zomwezo: mowa wofulula okha, kapena mowa wofulula pomwepo. Malowo ndi bala yofulula okha mowa. Achikulire ena amati bawa m'malo mwa bala, zonse n'zobwereka. Mukanawauza amalume kuti "ndimamwa pa bala ina pomwe amafulula okha mowa wachizungu", akanangoti ehee, ngati kwa mayi uje kuseri kwa dambo.

Liwu lakuti "wachizungu" musalisiye. Mukalisiya adzaganiza kuti ndi masese, mowa wolimba ngati phala wa mtundu wa Chibuku uja timayamba tagwedeza tisanatsegule paketi. Ndipo musanene kuti shabini. Shabini ndi nyumba ya munthu yogulitsiramo mowa, kawirikawiri mopanda chiphaso, ndipo liwulo lili ndi kafungo kake koti amalume akhoza kuyamba kukudandaulirani.

Pajatu mowa wachizungu sunabwere dzulo. Carlsberg inatsegula fakitale yake ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo kampani ya Castel inagula fakitaleyo mu 2016. Taonani mmene pakamwa pa anthu panachitira ndi mowawo: palibe anavutika n'kumasulira dzina, anangoyang'ana mtundu wa pepala la pa botolo n'kumati "ndipatseni Green". Pomwe Kuche Kuche ndi Chichewa chenicheni, kuchokera ku mneni "kucha", kunena kuti tizimwa mpaka kunja kuche. Mayina a mowa wa ku Woodstock, kaya ndi lager kaya ndi stout, asiyeni momwemo.

Za zakudya sizivuta. Dzina lophatikiza zonse ndi zokhwasulakhwasula, zakudya zongotolatola, zosati n'kukhalira pansi n'kusamba m'manja ngati nsima. Koma pamowa anthu satchula dzina lalitali chotero, amatchula chinthucho. Kanyenya ndi nyama yootcha kapena yokazinga m'tizidutswa, yothira mchere ndi tsabola. Mang'ina ndi ziboda za ng'ombe zophika mpaka zitafewa, msuzi wake womata milomo, umene ambiri amaufuna m'mawa pofuna kuthana ndi matsire. Chiwaya poyamba ndi chitsulo chokazingirapo chija, koma liwulo linakula, moti munthu akati "tiyeni pa chiwaya" akunena malo, tchipisi ndi nyama yomwe.

Pali kamsampha kamodzi. Nyama ya pamowa si ndiwo. Ndiwo zimafuna nsima, ndipo nyama yomweyo ikakhala m'mbale pambali pa botolo, popanda nsima, yasiya kukhala ndiwo. Ndinamvapo mnyamata wina wokulira kunja akuuza wootcha nyama kuti "ndiwo zanu zikukoma", bamboyo anacheuka kuyang'ana ngati wina wabwera ndi mtanda.

Baga ndi baga basi, zambiri ndi mabaga. Amalume akafunsa, auzeni kuti ndi banzi yodula pakati, muli nyama yogaya yokazinga ndi anyezi.