Mafunso Anu pa za Galimoto: Kodi Yaing'ono ya Dizilo Ndi Yoyenera Ndani?

FUNSO: Akonzi, ndimagwira ntchito ku Lilongwe koma banja langa limakhala pa boma la Ntcheu, choncho pafupifupi Lachisanu lililonse ndimatsika ndi msewu wa M1 n'kubwerera Lamulungu madzulo. Pakali pano ndili ndi Toyota Vitz ya petulo, koma munthu wina akufuna kundigulitsa Mazda Demio ya dizilo ndipo akuti ndidzaiwala njira ya kumalo omwetsera mafuta. Anzanga ena akundiletsa, ati dizilo ndi wa mathiraki ndi zigayo, pomwe ena akuti mafuta akasowa a dizilo savutika ngati a petulo. Kodi ndimvere ndani?
Bambo wa ku Ntcheu

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Pa anthu amene amandifunsa za galimoto zazing'ono za dizilo, inu muli m'gulu la ochepa amene ndingawauze kuti ganizo lawo lili ndi mutu, ndipo chifukwa chake ndi mtunda umene mumayenda sabata iliyonse. Wogulitsayo wakokomeza, monga amachitira ogulitsa onse, koma sananame kotheratu.

Lita imodzi ya dizilo imakhala ndi mphamvu yoposa ya lita imodzi ya petulo ndi magawo 10 mpaka 15 pa 100 aliwonse. Kuwonjezera apo, injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto. Imapanikiza mpweya kwambiri mpaka utenthe, ndipo mafuta akapoperedwamo amayaka okha, zomwe zimachititsa kuti mphamvu yochepa yokha itayike ngati kutentha. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwanso ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol ali ndi mphamvu yochepa kuposa petulo weniweni. Zonsezi zikaphatikizana, galimoto ya dizilo imamwa mafuta ocheperako ndi magawo 20 mpaka 30 pa 100 poyerekeza ndi inzake ya petulo yofanana nayo kukula.

Tiyeni tiwerengere pa ulendo wanu womwewo. Kuchoka pa boma la Ntcheu kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 160, kutanthauza 320 kupita ndi kubwerera. Tiyerekeze kuti Vitz yanu imayenda makilomita 15 pa lita ndipo Demio ingayende 20. Ya petulo idzamwa malita oposa pang'ono 21, ya dizilo malita 16. Titenge mitengo imene bungwe la MERA linalengeza mu November 2023, ndalama ya kwacha itangochepetsedwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100, pomwe petulo anali pa K2,530 ndipo dizilo anali pa K2,734 pa lita. Pa mitengo imeneyo ulendo wa petulo ukanakudyerani pafupifupi K54,000 ndipo wa dizilo pafupifupi K43,700. Onani kuti dizilo anali wokwera mtengo kuposa petulo, komabe mukanatsala ndi K10,000 m'thumba pa ulendo uliwonse. Mitengo imasintha, choncho ikani ya lero m'malo mwake n'kuwerengeranso nokha. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musawerengere ndi manambala a m'mabuku a ku Japan, amene amafika mpaka makilomita 30 pa lita, chifukwa amene anayeza manambalawo sanakwere chitunda cha pakati pa Linthipe ndi Dedza atanyamula ana atatu ndi thumba la mbatata ya kachewere.

Chitunda chimenecho n'chimene chingakukondweretseni kwambiri pa galimotoyi. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa pamwamba chotero ndi wopepuka, moti injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mphamvu zake pa mamita 100 aliwonse amene yakwera. N'chifukwa chake Vitz yanu imalira kwambiri koma osathamanga mukamayandikira Dedza. Demio ya dizilo, imene inatuluka mu 2014 ndi injini ya malita 1.5, ili ndi turbo yomwe imakankhira mpweya wambiri mu injini, ndipo imakoka mwamphamvu injini isanalire kwambiri. Simudzatsitsa magiya pafupipafupi, ndipo kupitirira thiraki pa Bembeke sikudzakhala kopempherera.

Pa nkhani ya kupezeka kwa mafuta, anzanu aja alakwitsa. Dizilo ndi petulo amalowa m'dziko muno kudzera m'madoko omwewo a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, amaitanitsidwa ndi makampani omwewo monga NOCMA ndi Petroleum Importers Limited, ndipo onse amagulidwa ndi ndalama zakunja. Ndalamazo zikachepa, monga tinaonera mu 2011 ndi 2012 komanso mu 2022 ndi 2024, onse awiri amasowa, kungoti nthawi zina amasowa mosinthana. Mzere wa dizilo ulinso ndi vuto lakelake. Pa mzere wa petulo amene ali patsogolo panu ndi njinga zamoto ndi galimoto zomwa malita 20 kapena 30, pomwe pa mzere wa dizilo thiraki imodzi imamwa malita mazanamazana, ndipo pambali pake pamakhala a mabasi, a zigayo ndi a majenereta. Mukhoza kukhala wachisanu pa mzere koma n'kufika pa pampu mafuta atatha.

Phindu lanu lenileni pa nthawi ya kusowa kwa mafuta ndi lakuti simudzaima pa mzere kawirikawiri. Thanki ya malita pafupifupi 40 pa makilomita 20 pa lita ikupatsani makilomita 800, omwe ndi maulendo awiri athunthu a ku Ntcheu ndi ena otsala oyendera m'tawuni. Muzidzaza ku Lilongwe, kumene malo omwetsera mafuta ndi ambiri, ndipo musamalole kuti muvi utsike kupitirira kota. Galimoto ya dizilo ikathera mafuta panjira, mpweya umalowa m'mapaipi, ndipo kungothiramo malita 5 sikukwanira kuti ilire: pamafunika kutulutsa kaye mpweyawo, ntchito imene simungaikonde usiku pa Mlangeni.

Tsopano mbali imene wogulitsayo sanakuuzeni. Injini za dizilo za masiku ano si zofanana ndi za Toyota Corolla 2C kapena Hilux zakale zija zimene zinkamwa chilichonse n'kumayendabe. Za lero zimapopera mafuta ndi mphamvu yofika pa 1,600 mpaka 2,000 bar kudzera m'timabowo tating'onoting'ono ta mainjekita, ndipo pampu yake imafewetsedwa ndi dizilo yemweyo. Madzi pang'ono kapena fumbi pang'ono zimawononga zipangizo zimenezi, ndipo mtengo wa mainjekita anayi ukhoza kumeza zonse zimene munapulumutsa pa mafuta chaka chathunthu. Galimoto zazing'ono zambiri zimene timaitanitsa ku Japan, monga Vitz, Passo, Fit ndi Note, ndi za petulo, choncho masipeya ake ali paliponse, pomwe a Demio ya dizilo mudzawafunafuna ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndipo nthawi zina mudzachita kuitanitsa. Musanapereke ndalama, pitani nayo kwa makaniko amene ali ndi kompyuta yoyezera galimoto, muilize nokha m'mawa injini ili yozizira kuti muone utsi umene ikutulutsa, ndipo muwerengenso yankho la funso lotsatirali.

FUNSO: Akonzi, ndimakhala pa boma la Dedza ndipo kuntchito kwanga ndi makilomita 3 okha kuchokera kunyumba. Ndinagula Demio ya dizilo chaka chatha pofuna kupulumutsa mafuta, koma nyali yolembedwa DPF ikumayaka kawirikawiri, galimoto ikumafooka, ndipo ndikayeza oyilo ndikupeza kuti akuchuluka m'malo mochepa. Makaniko wina wandiuza kuti tingochotsa chipangizocho. Kodi ndivomere?
Mayi wa ku Dedza

YANKHO: Mayi, musavomere msanga, chifukwa chipangizocho sichinalakwe kanthu. DPF ndi sefa imene ili mu ekizozi, ndipo ntchito yake ndi kugwira mwaye wa dizilo kuti usatulukire kunja. Sefayo ikayamba kudzaza, kompyuta ya galimoto imawonjezera mafuta kuti ekizozi itenthe kufika pa madigiri pafupifupi 600, ndipo mwaye uja umapsa n'kusanduka phulusa lochepa. Kuti zimenezi zitheke, injini iyenera kukhala itatentha bwino ndipo galimoto iyenera kuyenda kwa kanthawi osaima. Inu mumayenda makilomita 3 m'tawuni imene aliyense amadziwa kuzizira kwake mu June ndi July, moti mumafika kuntchito injini isanafunde n'komwe. Kompyuta imayamba ntchito yotentha mwaye, inu n'kuzimitsa galimoto, mawa iyambanso, inu n'kuzimitsanso.

Kuchuluka kwa oyilo kukuchokera pomwepo, ndipo ndi kumene kukundidetsa nkhawa kuposa nyaliyo. Mafuta owonjezera aja akapanda kupsa amatsetserekera pansi n'kusakanikirana ndi oyilo, choncho chimene chikukwera pa kachitsulo koyezera si oyilo koma dizilo. Oyilo wotere amasungunuka ndipo satetezanso zitsulo za mu injini ndi za mu turbo. Pa kachitsulo koyezera ka Demio pali chizindikiro cha X pamwamba pa mzere wosonyeza kudzaza. Oyilo akayandikira pamenepo musinthe tsiku lomwelo, ngakhale nthawi ya sevisi isanakwane. Pogula watsopano onetsetsani kuti pa chigubu palembedwa DL-1, chifukwa oyilo wa dizilo wa mathiraki amene amagulitsidwa paliponse amasiya phulusa lambiri lomwe limatseka sefayo, ndipo phulusa lotero silipsa ngakhale mutayenda mpaka ku Karonga.

Nyali ikangoyaka, tulukani pa M1 ndipo muyende kwa mphindi 15 mpaka 20 osaima, injini ikuzungulira maulendo 2,000 pa mphindi kapena kuposerapo pang'ono, kufikira nyaliyo itazima. Ndikanakhala inu ndikanalowera cha ku Bembeke mpaka pa Lizulu, chifukwa mbali ya ku Lilongwe kuli malo olipirira msewu a Kalinyeke, ndipo pa Lizulu mukhoza kugulako tomato ndi kabichi kuti ulendowo usakhale wongowotcha mafuta. Muzichita zimenezi kamodzi pa sabata ngakhale nyali isanayake. Ikayamba kuphethira, kapena ikakana kuzima, musaumirire: pitani kwa makaniko wa kompyuta kuti akaitenthe sefayo mokakamiza kapena aichotse n'kuitsuka.

Kuchotseratu DPF kumafuna kusinthanso zolembedwa mu kompyuta ya galimoto, ndipo zikachitika mwachisawawa galimoto imatsala yofooka ndi nyali zoyaka pa dashibodi. Zikachitika bwino, mwaye wonse umene sefayo inkagwira umapita m'mapapo mwa ana oyenda m'mbali mwa msewu ndi a kabaza amene ali kumbuyo kwanu. Kunena mosabisa, mayi, galimotoyi si yoyenera mayendedwe anu. Pa maulendo a makilomita 3, galimoto yaing'ono ya petulo kapena yophatikiza petulo ndi batire monga Toyota Aqua ikanakupulumutsirani ndalama zambiri, ndipo ngati mungapeze wogula amene amayenda mitunda italiitali, ngati bambo wa ku Ntcheu uja, kugulitsa si kugonja.

FUNSO: Akonzi, mafuta akasowa ndimagula dizilo wa m'zigubu kwa anyamata a m'mbali mwa msewu kufupi ndi malire. Ndi wokwera mtengo koma sindiima pa mzere. Kodi pali njira yodziwira ngati ali wabwino?
Wowerenga wa pa Tsangano Turn-off

YANKHO: Pali njira yodziwira zina mwa zoipa zake, koma osati zonse. Thirani pang'ono m'botolo loyera lagalasi n'kulisiya kwa mphindi zingapo. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, choncho amakhala pansi ndipo mudzaona mzere wowalekanitsa, pamodzi ndi dothi kapena dzimbiri ngati zilimo. Dizilo wooneka ngati chifunga ali ndi madzi osakanikirana naye ndipo musamugule. Chimene maso sangaone ndi parafini, amene amasakanikirana ndi dizilo osasiya chizindikiro, koma alibe kuterera kumene pampu ndi mainjekita amadalira. Galimoto imayenda bwinobwino lero ndi mawa, zitsulo zikudyana m'kati, ndipo vuto limadzaonekera patapita miyezi, mutaiwala kale amene anakugulitsani. Kumbukiraninso kuti kugulitsa mafuta popanda chiphaso cha MERA n'kosaloledwa, choncho zikavuta mulibe kokadandaula.

Ngati munathirapo kale mafuta otere, sinthani fyuluta ya dizilo msanga ndipo mukhetse madzi amene amasonkhana pansi pake, chifukwa galimoto zambiri za dizilo zili ndi kampopi kochitira zimenezo ndi nyali yochenjeza. Ngakhale pa malo ovomerezeka omwetsera mafuta, tsikani m'galimoto ndipo munene momveka kuti mukufuna dizilo. Othira mafuta anazolowera kuti galimoto yaing'ono ndi ya petulo, ndipo mlomo wa paipi ya petulo ndi wocheperako moti umalowa bwinobwino m'thanki ya dizilo. Zikachitika, musalize injini kapena kutembenuza kiyi ngakhale pang'ono, chifukwa m'galimoto zambiri pampu ya m'thanki imayamba kukoka mafuta kiyi akangotembenuzidwa. Ikankhireni pambali, muitane makaniko akhuthule thanki yonse, ndipo musunge lisiti yosonyeza mafuta amene anathiridwa.