5D yakale kapena R10 yatsopano? Yankho kwa wojambula wa ku Santhe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Santhe amene amajambula maukwati, zinkhoswe ndi ana asukulu. Mwachidule akuti: "Achimwene, ndakhala ndi Canon 600D zaka zinayi, ndili ndi lenzi ya 18-55 yobwera ndi kamera ija komanso ya 50mm f/1.8. Chaka chino soya wandikomera, ndasunga kangachepe. Munthu wina ku Lilongwe akugulitsa 5D Mark III yogwirapo kale ntchito, pomwe msuweni wanga wa ku Johannesburg akuti atha kunditumizira R10 yatsopano. Mitengo ikungofanana. Nditenge iti?"

Achimwene, tiyambe ndi mawu akuti "mitengo ikungofanana" aja, chifukwa mitengoyo sikufanana ayi. Lenzi yanu ya 18-55 ndi ya mtundu wa EF-S, yopangidwira makamera a sensa (kachipangizo kotola chithunzi m'kati mwa kamera) yaing'ono ngati 600D, ndipo pa 5D siilowa n'komwe. Mukagula 5D mawa, lenzi imene mungaikepo ndi ya 50mm yokha basi. Pa R10 malenzi onse awiri agwira, koma mpaka mugule adaputa ya EF-EOS R, popeza makamera opanda galasi m'kati amene Canon inayamba kutulutsa mu 2018 monga R10 ali ndi kamwa lina lolowetsapo lenzi, la RF. Mabatire anunso a LP-E8 sagwira konsekonse: 5D imafuna LP-E6, R10 imafuna LP-E17. Ndiye pali ndalama ya basi yopitira ku Lilongwe mbali iyi, msonkho wa pachipata mbali inayo. Khalani pansi muwerengerenso.

Kunena za ukalamba, 5D Mark III inatuluka mu 2012, R10 mu 2022. Zaka khumi pa zinthu zamagetsi si masewera. R10 imasaka yokha diso la munthu n'kulitsatira. Mkwatibwi akamalowa muholo movina, uku atsikana operekeza akumudutsa kutsogolo, iyo imangokakamira pankhope pake, inu ntchito yanu n'kudina. Pa 5D kadontho ka fokasi mumakayendetsa nokha ndi chala chachikulu. Timadontho take ndi 61 ndipo n'todalirika, koma chala chimafunika kuzolowera, ndipo ukwati woyamba mudzataya zithunzi zingapo. R10 ndi yopepukanso, siifika theka la kilo, pomwe 5D ndi batire yake imayandikira kilo yathunthu musanaikepo lenzi. Kuyambira 8 koloko kutchalitchi mpaka perekaniperekani atatha madzulo, khosi limadziwa kuti lanyamula chinthu.

Komabe ine ndikanatenga 5D, ndipo chifukwa chachikulu ndi kachitseko kamene kali kudzanja lake lamanja.

Mukatsegula kachitseko kameneko mupeza malo a makadi awiri, CF ndi SD, ndipo mutha kuiuza kamera kuti chithunzi chilichonse izilemba pa makadi onse awiri nthawi imodzi. R10 ili ndi malo a kadi imodzi. Zimenezi zimaoneka zazing'ono mpaka tsiku limene zakuonekera. Ine zinandionekera pa ukwati wina cha ku Chamama. Ndinali nditagula kadi yatsopano pa kashopu kena, yotsekedwa bwino m'pepala lake, kumeneko n'kumati ndasamala. Tsiku lonse kamera inkaonetsa zithunzi bwinobwino. Kufika kunyumba, kuika mu laputopu, zithunzi za kutchalitchi zonse zangokhala mizeremizere yobiriwira. Kuvekana mphete kulibe, kusaina kulibe. Ndinakwera kabaza kukakumana ndi ankhoswe, ndalama zawo zili m'thumba. Ankhoswe aakazi sanakalipe, anangondifunsa mofatsa kuti, "Ndiye tiwauze kuti akwatirenso?" Funso limenelo mpaka lero limandidzutsa usiku. Chithunzi cha pasipoti chikalakwika munthu umamukhazikanso pampando. Ukwati suubwereza.

Chachiwiri ndi mdima. Inu mukudziwa matchalitchi athu akumidzi, mawindo ang'onoang'ono, malata akuda ndi utsi, ndipo abusa ena safuna fulashi pa nthawi ya malumbiro. Sensa ya 5D ndi yaikulu, mamilimita 36 kwa 24, kuposa kawiri ya R10, choncho imatola kuwala kochuluka. Kunena chilungamo, sensa zatsopano zachepetsa kwambiri mpata umenewu, moti kusiyana sikuli ngati usiku ndi usana. Chimene mudzachione msanga ndi lenzi yanu ya 50mm. Pa 600D imaona mopanikiza ngati 80mm, n'chifukwa chake pa chinkhoswe cha m'nyumba mumabwerera chammbuyo mpaka kugunda khoma. Pa R10 zidzakhala chimodzimodzi. Pa 5D idzakhala 50 yeniyeni: akwati awiri ndi ankhoswe awo akwana, kumbuyo kuli mbuu mokongola.

Batire nayonso. Pa 5D mumasuzumira kudzera pagalasi, zimene sizidya moto, ndipo batire imodzi yabwino imayandikira zithunzi 900. R10 ndi kawailesi kakanema koyaka nthawi zonse, kabatire kake n'kakang'ono, sikafika ngakhale theka la pamenepo. Kumene magetsi amazima Lachisanu usiku inu muli ndi ukwati Loweruka, kapena kumudzi kumene kulibiretu, mufunika atatu m'thumba. Za fumbi la mu Okutobala pa misewu yopita ku Chulu kapena ku Nkhamenya sindichita kukuuzani. Thupi la 5D ndi lachitsulo ndipo m'mipata mwake anamatamo timalabala totchinga fumbi ndi mvula yowaza, ngakhale kuti pa kamera ya zaka zoposa khumi timalabala timeneto timakhala titatopa.

Apa ndiye pali nkhani yonse: kamera ya kaunjika sagulira pa WhatsApp. Kwerani basi ndi laputopu yanu, kadi yanu ndi 50mm yanu, mukaigwire nokha. Shata ya 5D Mark III, kachitseko kotsegulira kuwala mukamadina, anaipangira kuti idine ka 150,000. Zina zimapitirira pamenepo, zina zimafa zisanafike, koma nambala ya mmene shatayo yadinira kale muione ndi maso. Canon saionetsa pa menyu, imafuna kulumikiza kamera ku kompyuta ndi pulogalamu yowerengera. Wogulitsa akayamba za "sinagwire ntchito kwambiri, inali ya mzungu", inu mungoti tiyeni tiilumikize. Akakana, tsanzikani.

Kenako itembenuzeni. Pansi pozungulira bowo la thiraipodi ndi m'makona mukapeza penti yatha mpaka chitsulo kuwala, imeneyo yayenda. Kuyenda si mlandu, koma pobonyoka ndi chizindikiro choti inagwa. Tsegulani kachitseko ka makadi, muwalitsemo tochi ya foni: m'malo a CF muli timapini 50, ndipo kamodzi kakapindika ndiye kuti ubwino wa makadi awiri uja wapita. M'malo a batire mukaona zobiriwira ngati ndere, inamwa madzi. Ikani f/22, kutanthauza kuchepetsa kwambiri bowo la lenzi, jambulani khoma loyera, muone pa laputopu. Timadontho takuda ndi fumbi, limapukutika. Mzere woongoka ndi kukalika kwa sensa, kumeneko kulibe mankhwala. Jambulaninso thambo pa 1/8000, liwiro lapamwamba kwambiri la shata. Mbali imodzi ikamada kuposa inzake, shata yayamba kudwala. Pomaliza dinani mosalekeza zithunzi makumi angapo, khutu lili pafupi, mumve ngati galasi likugunda mofanana. Musachite manyazi kutha ola lathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Muzikumbukiranso kuti kuno ku Kasungu wokonza mafoni mumupeza pakhonde lililonse, koma wosintha shata ya kamera ndi nkhani ina. Vuto limeneli silisiya R10 kunja. Pepala la chitsimikizo la m'sitolo ya ku Johannesburg limagwira ntchito kamera ikabwerera komweko, ndipo miyezi ya maukwati siidikira katundu wa pabasi. Choncho 600D yanu musagulitse, zivute zitani. Ikhale paphewa lina ndi 18-55 yake, izijambula magulu a achibale, 5D ndi 50mm izijambula akwati. Ndalama za maukwati oyamba muzisungire lenzi ya EF 24-105mm f/4 yogwirapo ntchito. Anthu ambiri kunja akusamukira ku RF, ndiye malenzi a EF, amene amalowa pa 5D, akupezeka.

Pali chinthu chimodzi chimene simunandiuze, ndipo chingatembenuze yankho lonseli: vidiyo. Masiku ano akwati ambiri amafuna kakanema koika pa Facebook ndi TikTok tsiku lomwelo. 5D Mark III ilibe 4K (vidiyo yooneka bwino kwambiri), ilibe Wi-Fi, sikirini yake siitembenuka ngati ya 600D yanu, siitsatira munthu yokha pojambula vidiyo, ndipo imadula mphindi 30 zisanakwane, mwina ulaliki uli pakati. R10 zonsezi imachita mosavutikira, zithunzi n'kumalowa mufoni akwati asanadule keke. Tsegulani kabuku kanu ka maoda, muwerenge ntchito khumi zomalizira. Ngati zisanu kapena kuposa anakulipirani chifukwa cha vidiyo, muuzeni msuweni wanu atumize R10, aikemo adaputa ndi mabatire awiri apadera, ndipo inu muzisintha kadi mukangotuluka m'tchalitchi kuti tsiku lonse lisagone pa kadi imodzi. Ngati zambiri zinali za zithunzi zotsukitsa ndi maalubamu, imbirani wa ku Lilongwe uja mupangane tsiku, mundilemberenso nambala ya shata mukaiona musanatulutse ndalama.