Chimbale chomaliza cha gulu la Bread

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti posanthula katundu wa malemu bambo awo apezamo mbale ya galamafoni ya gulu la Bread yotchedwa Lost Without Your Love, ndiye akufunsa ngati ndi zoona kuti chimbalechi ndiye chomaliza, nanga chinawabalalitsa oimbawa n'chiyani.

Pepani ndi imfa ya bambo, mayi. Inde, chimene mwapezacho ndi chachisanu ndi chimodzi, ndipo n'chomaliza chimene anajambula mu situdiyo. Chinatuluka mu Januwale 1977 pansi pa kampani ya Elektra.

Koma mudziwe kuti pochijambula gululi linali litatha kale kamodzi. Bread inayambira ku Los Angeles, ndipo mizati yake inali iwiri: David Gates ndi James Griffin. Onse ankapeka, onse ankaimba. Vuto linali lakuti nyimbo zimene kampani inkakankhira ku mawayilesi zinali za Gates basi, kuyambira Make It with You imene inafika pa nambala 1 ku America mu 1970. Za Griffin zinkangokhala kuseri kwa mbale. Tangoganizani, munthu woti anapatako mphoto ya mafilimu ya Oscar chifukwa cha nyimbo imene anapeka ndi anzake, n'kumaoneka ngati wongoperekeza m'gulu lake lomwe! Ine zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Mu 1973 anapatukana.

Anabwererana mu 1976, Gates, Griffin, Mike Botts wa ng'oma ndi Larry Knechtel wa piyano, bala lija lisanapole. Nyimbo imene inapatsa dzina chimbalechi, ya Gates yomweyo, inafika pa nambala 9 pa Billboard, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America. Posakhalitsa Griffin anachoka, ndipo nkhani ya mwini dzina la Bread inakathera kukhoti mpaka 1984. Anadzayanjananso mu 1996 n'kuyendayenda kukaimba, mpaka ku South Africa anafikako, koma chimbale chatsopano ayi. Griffin ndi Botts onse anamwalira ndi khansa mu 2005, Knechtel anatsatira mu 2009.

Sindikunamizani kuti ichi ndiye chimbale chawo chopambana. Kwa ine Baby I'm-a Want You cha 1972 chili patsogolo, ndipo m'menemo ndi mmene muli Everything I Own, imene Gates anapekera bambo ake atamwalira. Okonda reggae amaidziwa m'mawu a Ken Boothe wa ku Jamaica. Imeneyo muifunefune, ngakhale ikulizani.

Koma cha bambochi musachitaye. Chipukuteni ndi kansalu kofewa, mupeze galamafoni ya singano yabwino, muchimvere usiku ana atagona. Nyimbo ya mutu ija imayamba ndi piyano ndi mawu a Gates, mwakachetechete, kenaka n'kukula pang'onopang'ono. Musadumphe She's the Only One, chifukwa pamenepo ndi pamene mumve mawu a Griffin.