Funsani Dokotala: Masaya alowa, ndibayitse filler kapena Sculptra?

Adokotala, ndine mayi wa zaka 49, ndimakhala ku Rosettenville mumzinda wa Johannesburg ku South Africa ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton. Mwana wanga wamkazi akukwatiwa mu Disembala kwathu ku Zomba, kwangotsala miyezi iwiri. Masaya anga alowa, mizere yochoka pamphuno kutsikira kukamwa yazama, moti anthu kutchalitchi amandifunsa ngati ndikudwala. Abwana anga aakazi anabayitsa Sculptra, akuti ndiyo yabwino chifukwa imapanga collagen. Koma pali mtsikana wina wa pasaluni amene akuti angandibaye filler tsiku limodzi, motchipa. Ziwirizi zikusiyana pati, ndipo pakhungu lakuda ngati langa yoyenera ndi iti?
Mayi wa ku Rosettenville

Mayi, tiyambe ndi mtsikana wa pasaluniyo: asakubayeni. Angakhale katswiri woluka tsitsi, koma singano kumaso ndi nkhani ina, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza pansipa.

Musanaganize za jakisoni aliyense, dzifunseni ngati masayawa alowa pang'onopang'ono pa zaka zingapo kapena mwadzidzidzi. Ngati ndi miyezi yochepa, masiketi akukhwepa m'chiuno, mukumva ludzu kawirikawiri, mukutsokomola kapena kutuluka thukuta usiku, pitani kaye kukiliniki akayeze shuga, TB, HIV ndi chithokomiro. Nkhope yowonda ndi matenda sitiiphimba ndi filler. Ngati zonsezi zili bwino, ndiye kuti ndi ukulu chabe. Pa msinkhu wanuwu mafuta a m'masaya amachepa n'kutsetserekera pansi, mafupa a nkhope nawo amaphwa pang'ono, ndipo collagen, yemwe ali ngati ulusi wolukana umene umagwira khungu kuti likhale lokungika, amachepa msanga mayi akayandikira kusiya kusamba. Ife akhungu lakuda timachedwa kuchita makwinya ang'onoang'ono chifukwa khungu lathu limapirira dzuwa, koma kulowa kwa masaya sikutisiya. N'chifukwa chake mumaoneka wotopa ngakhale mwagona bwino.

Filler amene madokotala ambiri amabaya ndi wa hyaluronic acid, mayina ake ndi monga Juvéderm, Restylane ndi Belotero. Ndi phalaphala loyera ngati madzi, lofanana ndi chinthu chimene thupi lanu lili nacho kale pakhungu ndi m'mfundo za mafupa. Limakoka madzi n'kudzaza pamene paphwa. Mumalowa m'chipinda masaya ali olowa, mumatuluka atadzaza, ngakhale pamakhala kutupa ndi kuda kwa magazi oundana kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Thupi limamusungunula pang'onopang'ono, ndipo amatha pakati pa miyezi 6 ndi 18 malinga ndi mtundu wake komanso malo obayidwa.

Sculptra sagwira ntchito choncho. Ndi ufa wa poly-L-lactic acid, chinthu cha mtundu womwewo ndi ulusi wina wosokera mabala umene umasungunuka wokha m'thupi. Dokotala amausungunula m'madzi n'kuubaya pansi pa khungu. Tsiku loyamba nkhope imaoneka yodzaza, koma amenewo ndi madzi chabe. Pakapita masiku awiri kapena atatu mumabwerera pomwe munali, ndipo ambiri apa amaganiza kuti aberedwa ndalama. Timibulu ta ufawo timatsala, thupi limatizinga ndi collagen watsopano, ndipo ntchitoyo imatenga miyezi. Zili ngati kuthira feteleza: simuthira lero n'kukathyola mondokwa mawa. Kawirikawiri pamafunika kubayitsa kawiri kapena katatu, motalikirana sabata 4 mpaka 6, ndipo zotsatira zenizeni zimaoneka patapita miyezi ingapo. Zikabwera zimakhala pafupifupi zaka ziwiri. Mukabayitsa amakuuzaninso kuti muzisisita pamalopo mphindi 5, kasanu pa tsiku, kwa masiku 5, kuti ufawo usaundane pamodzi. Palinso Radiesse, wa calcium hydroxylapatite, amene ali pakatikati: amadzaza nthawi yomweyo komanso amadzutsa collagen, n'kukhala chaka kapena kuposerapo.

Ndiye mwaona kale kuti Sculptra sangakupezeni pa ukwati wa Disembala. Abwana anu sananame, koma iwo analibe tsiku lowathamangitsa.

Kusiyana kumene ine ndimakuona kukhala kwakukulu si nthawi ayi, koma kubweza. Filler wa hyaluronic acid ali ndi mankhwala omusungunula otchedwa hyaluronidase. Tsaya lina likakula kuposa linzake, kapena simunakonde mmene mukuonekera, dokotala amabaya mankhwalawo ndipo pakatha tsiku limodzi kapena awiri filler uja wapita. Sculptra ndi Radiesse alibe chowasungunula. Akapanga timibulu tolimba pansi pa khungu, zomwe zimachitika makamaka akabayidwa pamwamba kwambiri, pafupi ndi maso kapena pamilomo, mumakhala nato kwa miyezi yambiri, ndipo nthawi zina pamafunika jakisoni wa steroid kapena kung'amba. Kwa munthu amene sanabayitsepo chilichonse kumaso, ine ndimayamba ndi chimene ndingathe kuchichotsa.

Tsopano za pasaluni. Pansi pa khungu la nkhope pali mitsempha ya magazi yolumikizana, ina imakafika kudiso. Filler akalowa mumtsempha amautseka, ndipo khungu lodyetsedwa ndi mtsemphawo limayamba kufa m'maola ochepa. Sizichitikachitika, koma zikachitika pafupi ndi mphuno kapena pakati pa nsidze munthu atha kuchita khungu, osaonanso. Mabuku ambiri a zachipatala amati pamalopo pamayera, koma pakhungu lakuda kuyerako sikuoneka bwino. Pathu pamatuwa ngati phulusa, pamazizira, pamachita mawangamawanga akuda, ndipo ululu wake umaposa wa singano. Wokubayani ayenera kuzindikira zimenezi pakhungu ngati lanu, ndipo hyaluronidase akhale naye m'chipinda momwemo, osati akamugule mawa. Mtsikana wa pasaluni alibe zonse ziwirizi.

Ndinaonapo mayi wina wa kwathu amene anabayidwa m'chipinda cha kuseri kwa saluni ina m'tauni muno. Anabwera atadziphimba mpango. Nditagwira tsaya lake ndinamva timibulu ngati nyemba zouma pansi pa chala, tina tofiira ndi totentha. Nditafunsa chimene anamubaya, anati sirinji inabwera yodzaza kale, yopanda dzina. Hyaluronidase sanasungunule kanthu, kusonyeza kuti sanali hyaluronic acid. Zinthu ngati silikoni wamadzi zikalowa m'mnofu sizichoka. Ndalama zimene anapulumutsa tsiku lija anazilipira kambirimbiri pambuyo pake.

Choncho funsani dzina lonse la dokotala ndi nambala yake ya HPCSA, bungwe limene limalembetsa madokotala kuno ku South Africa. Ya dokotala imayamba ndi MP, ndipo mutha kuifufuza pa intaneti. Bokosi la mankhwalawo alitsegule inu mukuona, muwerenge dzina ndi tsiku lothera ntchito, ndipo mujambule chomata cha nambala yake pafoni. Mtengo wake ndi masauzande a ma rand, ndipo medical aid kawirikawiri salipira za kukongoletsa, ndiye muwerengere pamodzi ndi za basi ndi zovala za ukwati.

Pali zitatu zokhudza khungu lathu zoti mumuuze dokotalayo ngakhale asanafunse. Ngati munachitapo zipsera zotupa, monga zija zimamera pakhutu pobooledwa ndolo, Sculptra si wanu. Opanga ake omwe amaletsa. Ngati mumadzola mafuta oyeretsa khungu, nenani osachita manyazi. Ambiri mwa mafutawa ali ndi steroid kapena hydroquinone, amapyapyalitsa khungu, ndipo bala lake limachedwa kupola n'kusiya banga lakuda. Dziko lino linaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990, koma m'misika akadalimo. Chachitatu ndi Grand-Pa, amene ambiri kuno timamwa ngati tiyi mutu ukangowawa: muli aspirin, ndipo amachulukitsa kuda kwa magazi oundana pamalo obayidwa. Musiyeni kwa sabata musanabayitse, pokhapokha ngati aspirin munalemberedwa ndi dokotala chifukwa cha mtima.

Mukasankha filler, bayitsani patatsala mwezi wathunthu, kuti kutupa kuthe ndipo pakhale mpata wokonza. Yambani ndi pang'ono, m'masaya, chifukwa masaya akadzuka mizere ya pamphuno ija imachepa yokha. Achibale ku Zomba akakuzindikireni kuti ndinu mayi a mkwatibwi. Za Sculptra mukaziganize mu Januwale mutabwerako.

Adokotala, ndine bambo wa zaka 54, ndimalondera ku Jeppestown. Ndinayamba ma ARV mu 2006 ndili kumudzi, ankatipatsa Triomune. Masaya analowa kwambiri ndipo mitsempha ya m'miyendo inatuluka. Mankhwala anandisinthira kalekale, ndili bwino, koma nkhope sinabwerere. Jakisoni amene azimayi amabayitsayu angandithandize?
Bambo wa ku Jeppestown

Bambo, mwina mudabwa kumva kuti Sculptra anafika kwa anthu ngati inu asanafike kwa okongoletsa nkhope ku America. Dzikolo linamuvomereza mu 2004 pothandiza anthu a HIV amene mafuta a kumaso anatha, ndipo chilolezo cha kukongoletsa chinabwera mu 2009. Radiesse naye anavomerezedwa pa vuto lomweli mu 2006.

Mu Triomune munali stavudine, amene anapulumutsa miyoyo yambiri kwathu koma ankawononga maselo osunga mafuta kumaso, m'manja, m'miyendo ndi m'matako. N'chifukwa chake Malawi ndi South Africa anamusiya n'kupita ku tenofovir. Kusintha mankhwala kumaimitsa vutoli, koma mafuta amene anapita sabwerera onse, ndipo kuwonjezera nsima kungokulitsa mimba, masaya ali pomwepo.

Kwa inu jakisoni wodzutsa collagen ndi woyenera kuposa kwa mayi ali pamwambawa, chifukwa malo ophwa ndi aakulu ndipo mulibe tsiku lokuthamangitsani. Konzekerani kubayitsa maulendo ochulukirapo, atatu mpaka asanu ndi limodzi malinga ndi kuzama kwa masaya. HIV siletsa, bola kachilombo kakhale kotsika m'magazi ndipo pankhope pasakhale zilonda. Ma ARV musadumphitse ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha nkhaniyi. Ulendo wotsatira kukatenga mankhwala, auzeni anamwino kuti masaya analowa nthawi ya stavudine, alembe m'fayilo yanu, ndipo pemphani kalata yokaonana ndi dokotala wa khungu. Mutenge chithunzi chanu chakale, cha musanayambe Triomune, kuti dokotalayo aone nkhope imene akuibwezera.