Chifukwa chake zotsekemera zayamba kukukolani

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji Fanta yomwe munkailirira muli mwana lero ikukukolani musanamalize botolo. Si matenda ayi. Ana amakonda zotsekemera kuposa akuluakulu, ndipo chilakolakochi chimatsika thupi likasiya kukula.

Chizolowezi nachonso n'chachikulu. Mukachepetsa shuga m'tiyi, kuchoka pa masipuni atatu kufika pa imodzi, masiku oyamba tiyiyo amamveka ngati madzi otentha chabe. Pirirani. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu lilime limazolowera, moti mbatata yootcha imayamba kutsekemera kuposa kale.

Ku ukalamba zimatembenukanso. Lilime silimva kukoma msanga, n'chifukwa chake agogo ena amangothira shuga m'phala osaleka. Muziwayang'anira, makamaka ngati ali ndi matenda a shuga.