Kodi mwa Namoko ndi Agide anthu amamvamo chani? Ndikuyankha achemwali aja

Ena nonse amene munanditumizira maimelo mundidikire kaye, chifukwa pali imodzi yandigwira pamtima sabata ino. Achemwali ena akuti bambo awo akangoliza galimoto amaika Allan Namoko kapena Giddes Chalamanda (Agide) ulendo wonse, ndiye akufunsa kuti kukoma kwake kuli pati, poti kwa iwo banjo imamveka yosachuna, mawu otulukira m'mphuno, nyimbo yongozungulira pomwepo pomwepo. Akufuna poyambira.

Achemwali, zimenezo ine ndimazimva m'nyumba mwanga momwe. Mwana wanga wamkulu ndikangoika Namoko amadzuka n'kukatseka chitseko cha kuchipinda kwake, osalankhula kanthu, kutseka chabe. Ndiye musadabwe ndikatalikitsa.

Amalume anga anali okonza njinga, ndipo anyamata a bandi ya m'mudzi ankabwera kudzapempha mawaya a mabuleki otha ntchito. Ine ntchito yanga inali kugwira kunsonga iwo akumasula waya uja kamodzikamodzi mpaka papezeke tiwaya towonda toyenera banjo. Thupi la banjo linali galoni ya mafuta, khosi lake thabwa losema ndi mpeni, tizikhomo tochunira tamitengo, pena ankatinyowetsa ndi malovu kuti tisabwerere m'mbuyo. Woimba ng'oma anali ndi chikopa cha mbuzi chomwe ankachiwamba pamoto kaye kuti chikungike, pambali pake waya wotungira zitsekerero za mabotolo, zija zimati tsetsetse. Tsono pochuna, mnyamata wa banjo ankayamba waimba mzere umodzi, kenako n'kumapotoza kachikhomo mpaka waya agwirizane ndi kukhosi kwake. Osati ndi kiyibodi ayi, ndi kukhosi kwake. Ndiye mukati banjo ya Namoko siyochuna ine ndimakana, ndi yochuna bwinobwino, kungoti khutu lanu linazolowera nyimbo za pakompyuta zomwe chilichonse anachiwongola.

Ndipo taganizani munthuyo. Namoko anabadwa mu 1956 ku Thyolo, anali wosaona, ankaimba ndi Chimvu River Jazz Band, n'kumwalira mu 1995 asanakwane ndi zaka 40 zomwe. Zonse ankachita ndi khutu ndi zala basi. Munthu ngati ameneyo angalephere kumva kuti waya wake wapotoka? Ayi ndithu.

Za kubwerezazo, eya amabwereza, ndipo ndi dala. Banjo ija ikazungulira kangapo khutu limasiya kuilondola, miyendo imaitenga yokha, ndiye mutu umatsala ndi mawu. Apo ndi pamene pali nkhani yonse. Anthu awa saimba za chikondi cha m'malere, amatchula munthu ndi dzina lake, amakuuzani za ana osiyidwa, za mkazi wotopa ndi mwamuna woledzera, za wachibale amene anapita kutali osalemba ndi kalata yomwe, ndipo mumaseka mzere woyamba, pofika wachitatu mwazindikira kuti akunena za kwanu. Bambo anuwo ndikukhulupirira pali dzina limene amalimva m'nyimbomo lomwe si limene akutchula woimbayo. Muwafunse tsiku lina.

Apa ndipatuke pang'ono chifukwa zimandinyansa. Nyimbo zimenezi zili ndi mbiri yake, sizinangogwa. Mabanjo ndi magitala anafala kuno ndi asilikali obwera kunkhondo yachiwiri ija komanso azibambo ochokera kumigodi ya ku Joni, anthu n'kutenga zomwe anamva kumeneko kusakaniza ndi ng'oma za kwawo. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anatenga kwela ya ku South Africa n'kuisandutsa yawoyawo. Koma amene anawajambula mofatsa, kulemba za iwo n'kuyenda nawo kunja ndi Gerhard Kubik wa ku Austria, yemwe anakumana nawo mu 1967. Sindikumunena munthuyo, anagwira ntchito yabwino zedi. Ndikunena ifeyo, timadikira mlendo avomere kaye ndiye tiyambe kuwomba m'manja.

Agide ndi chimodzimodzi. Anabadwa mu 1930 ku Chiradzulu, aimba moyo wawo wonse, ambiri ankangowatenga ngati agogo oseketsa a gitala. Mu 2016 anakaimba ku Library of Congress ku Washington, tinayamba kuwayang'ana kawiri. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala nawo pansi n'kuimba nawo limodzi nyimbo zawo zakale, ulemu wake apatsidwe, kenako nyimbo ya Agide ya Linny Hoo inaphulika pa TikTok mpaka kuonedwa koposa ka 80 miliyoni, eni ake ali ndi zaka 92 alibe ndi foni yamakono yomwe. Mwadzidzidzi aliyense anakhala wowakonda kuyambira kale kkkk. Madalitso Band nayo, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wawo, chigitala chachikulu cha waya umodzi chopanga okha, anthu akungodutsa, atangokaimba ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 n'kuyamba kuzungulira ku Ulaya ndi pamene tinati eeh ndi athu awa.

Ndinakangana ndi DJ wina paukwati wa msuweni wanga nkhani yake yomweyi. Ndinamupempha aike Namoko imodzi yokha pa perekaniperekani, iye akuti bwana zimenezo zipha mpungwepungwe wa anthu, akufuna amapiano. Ndinaumirira mpaka anaika monyinyirika, ndiye muone azimayi a kuchimuna kudzuka ndi zitenje m'chiuno, azibambo amene anakhala chikhalire kuyambira masana kutulutsa ndalama m'matumba a majekete, MC kusowa chonena. Itatha anabwerera ku amapiano ake osandiyang'ana n'komwe. Ine amapiano sindidana nawo, ndimavina, koma munthu wodzitcha DJ wa ku Malawi amene mu laputopu yake mulibe Namoko, mulibe Stonard Lungu, mulibe Saleta Phiri, kwa ine ameneyo ndi woliza nyimbo chabe.

Poyambira pake

Musamvere pa sipika ya foni, imameza ng'oma n'kusiya kulira kwa waya kokha, n'chifukwa chake zikukulasani m'makutu. Pezani mahedifoni kapena mverani m'galimoto momwemo. Yambani ndi ija ya Agide ndi Namadingo poti ndi yofewa, kenako fufuzani pa YouTube Agide ali okha ndi gitala, Namoko abwere pambuyo. Sankhani nyimbo imodzi, muimvere katatu, kachitatuko mulembe mawu ake papepala, pomwe pali Chilomwe kapena mawu akale oti simukuwamva mufunse bambo.

Zikakana musadzikakamize, si mankhwala. Koma chonde musakatsitse voliyumu m'galimoto ya eni ake, mafuta akuthira ndi iwo.