Mwendo wa Comanche wang'aluka, nanga masipeyala ake tiwapeza kuti?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa m'bale wathu amene akugwira ntchito yokonza ndege zing'onozing'ono pa hang'ala (nyumba yosungiramo ndi kukonzeramo ndege) ina ku Rand Airport, ku Germiston. Ndaifupikitsa motere. Ali ndi Piper Comanche 250 ya mu 1961 imene yakhala pa majeki kuyambira mwezi wathawu. Poyendera miyendo apeza mng'alu pa chitsulo chachikulu chogwira mwendo wakumanzere kuphiko, chija amakaniko amati strut housing, ndipo chingwe chimodzi chokankha mwendo chauma moti mota ikuchita kubuula popinda miyendo. Ogulitsa masipeyala atsopano awayankha kuti mulibe. Mwini ndege akuwapanikiza. Munthu wina pa Facebook akuti chitsulocho ali nacho pa mtengo wabwino, koma alibe pepala ngakhale limodzi, ndipo mnzawo wina akuti angochipereka kwa wowotcherera waluso. Funso lawo n'lakuti: "Ndilowere kuti, ndipo cha pa Facebook chija ndigule?"

Achimwene, cha pa Facebook chija chisiyeni kaye, ndipo kwa wowotcherera musapiteko. Chitsulo chimene mukufunacho chilipo padziko pano. Chovuta kupeza ndi chitsulo chodziwika kumene chachokera, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo.

Tiyambe ndi chifukwa chake zikusowa, poti mwini ndege akamvetsa zimenezi mwina achepetsa kukupanikizani. Comanche inayamba kugulitsidwa mu 1958, ndipo ankaipanga ku Lock Haven, m'chigawo cha Pennsylvania ku America. Mu June 1972 mphepo yamkuntho yotchedwa Agnes inabweretsa chimvula, mtsinje wa Susquehanna unasefukira n'kumiza fakitale, kuwononga ndege zimene zinali mkati pamodzi ndi zida zopangira Comanche. Kampani ya Piper sinayambirenso kupanga ndegeyi. Za injini imodzi zinapangidwa zopitirira 4,800, ndipo zambiri zikuulukabe chifukwa ndi ndege yolimba, yothamanga, yopita mtunda wautali. Choncho kwa zaka zoposa 50 ndege zimenezi zakhala zikudya masipeyala amene anatsala, ndipo zitsulo zikuluzikulu za m'miyendo zimapezeka makamaka ndege ina ikaphwasulidwa.

Musanalembere aliyense, tsegulani buku la masipeyala a PA-24, imene ndi nambala ya mtundu wa Comanche, mupeze nambala yeniyeni ya chitsulocho, muifananize ndi nambala ya ndege yanu imene ili pa kachitsulo kachizindikiro. Pamenepa ambiri amataya ndalama. Miyendo ya Comanche imaoneka yofanana ndi maso, koma inasinthidwa m'zaka zimene ndegeyi inkapangidwa, ndipo ya 180, ya 250, ya 260 ndi ya Twin Comanche ya injini ziwiri sifanana pa zonse. Nambala zina zinalowedwa m'malo ndi zatsopano, ndiye pofufuza muzilemba yakale ndi yatsopano yomwe. Onaninso chimene chili pandegepo, chifukwa pa zaka 60 amakaniko ambiri agwirapo, ndipo mwina mwendo umene mukuuonawo si umene ndegeyo inabadwa nawo. Jambulani manambala onse odindidwa pachitsulopo. Mukalemba kuti "ndikufuna mwendo wa Comanche" akutumizirani uliwonse umene uli pafupi ndi chitseko.

Kenako gawani vuto lanu, chifukwa si zonse zimene zili zosowa. Mabawuti, manati ndi mawashala ambiri a m'miyendo ndi a manambala oyamba ndi AN, MS kapena NAS, amene amagwira pa ndege zamitundumitundu, ndipo mungawapeze komweko ku Gauteng. Mphira zotseka mafuta mumwendo, mafuta ofiira aja a MIL-H-5606, mabering'i a matayala, zonsezi si zodera nazo nkhawa. Mabushi ndi zingwe zokankha miyendo, monga chanu chaumacho, muyambe kufunsa kwa amene anadzipereka ku Comanche, ngati Webco Aircraft ya ku Newton, ku Kansas. Ku America kuli chilolezo chotchedwa PMA, chimene bungwe loyang'anira za ndege la FAA limapereka kwa kampani ina kuti ipange chipangizo cholowa m'malo mwa cha eni ndege, ndipo ndege zakale zambiri zikuuluka lero chifukwa cha chilolezo chimenechi. Langizo langa pa zingwezo n'lakuti musinthe zonse ziwiri. Zinalowa tsiku limodzi, zakalamba limodzi, ndipo ntchito yozilowetsa pansi pa ndegeyo ndi yopweteka msana moti simungakonde kuibwereza chaka chamawa. Giyabokosi ya miyendo nayo, ikakhala kuti yavulala ndi kukoka zingwe zouma, imatheka kukonzedwa. Ingodziwani kuti zilipo za mitundu iwiri, ya Dukes ndi ya Dura, ndiye muone yanuyo musanaitanitse kanthu.

Tsopano tifike pa chitsulo chong'alukacho, chimene chili chosowadi. Malo ake ndi kwa ophwasula ndege. Ku America kuli makampani akuluakulu amene amagula ndege zangozi kwa a inshulansi n'kuzigulitsa chidutswachidutswa: Wentworth Aircraft ku Minnesota, BAS Part Sales ku Colorado, Texas Air Salvage, ndi Preferred Airparts ku Ohio, amene amadziwika ndi masipeyala atsopano amene anatsalira m'mashelefu kalekale. Alembereni onse tsiku limodzi, ndi nambala ndi zithunzi. Akati palibe, apempheni akulembeni pa mndandanda wa odikira, ndipo muziwakumbutsa, chifukwa katundu wawo amasintha ndege ina ikangofika pabwalo. Ikaninso chilengezo pa Barnstormers, tsamba la pa intaneti la malonda a ndege ndi masipeyala. Musaiwale kwanu komweko: ku South Africa Comanche zinafika zambiri ndithu, ndipo kuseri kwa mahang'ala a ku Rand, Wonderboom ndi Lanseria kumakhala ndege zoima ndi zitsulo zimene amakaniko achikulire anasunga. Muyende ndi miyendo yanu, mupereke moni, mufunse. Safunsa anadya phula. Pa chifukwa chomwecho lowani m'magulu a eni Comanche. International Comanche Society yakhala ikusonkhanitsa eni ndegezi kwa zaka zambiri, kuphatikizapo a ku Ulaya ndi ku Australia, ndipo mwa iwo muli anthu amene anakumanapo ndi mng'alu wofanana ndi wanuwo, odziwa wogulitsa wokhulupirika ndi wokonza wovomerezeka.

Mukachipeza, mafunso ayambe. Chachoka pa ndege iti, nambala yake ndi chiyani, inali itauluka maola angati, ndipo inaphwasulidwa chifukwa chiyani? Funso lomalizali ndi lofunika koposa pa mwendo. Ndege imene inaonongedwa ndi matalala kapena inagweredwa ndi denga la hang'ala ikhoza kukhala ndi miyendo yabwinobwino. Imene inamenyetsa pansi potera, kapena inalowa m'ngalande ikuthamanga, mwendo wake ndi umene unalandira nkhonya yonse, ngakhale ukuoneka wosalala. Imene inapsa kapena inamira m'madzi amchere musaiyandikire n'komwe. Ophwasula ndege nthawi zambiri amagulitsa chinthu mmene achichotseramo, ndi kapepala kosonyeza ndege imene chachokera basi. Kapepala kameneko sikanena kuti chinthucho n'choyenera kuuluka. Pepala limene limanena zimenezo ndi FAA Form 8130-3, kapena EASA Form 1 ngati chachokera ku Ulaya, ndipo limalembedwa ndi malo okonzera ovomerezeka atachiyeza. Nzeru yabwino ndi yakuti chitsulocho chiyambe chadzera ku malo otere komweko ku America, achiyeze, achilembere pepala, kenako chikwere ndege kubwera kuno. Chikapezeka ndi mng'alu chikadali kumeneko, kuchibweza n'kosavuta. Chikapezeka nawo chili kale ku Germiston mwalipira katundu, mwalipira VAT ya 15 peresenti, ndipo ndege idakali pa majeki. Gwirizanani za kubweza polemba musanatumize ndalama.

Ndikuumirira pa kuyezaku chifukwa mng'alu wa pachitsulo chotere maso sauona. Inu amene munaupeza mukudziwa. Mumachotsa penti ndi girizi mpaka aluminiyamu kuti mbee, mumapopera utoto wofiira woyezera ming'alu n'kudikira mphindi zingapo kuti ulowe, mumapukuta bwinobwino, kenako mumapopera ufa woyera. Poyamba pamangoti mbuu, palibe kanthu. Ndiye pang'onopang'ono, pafupi ndi bowo la bawuti kapena pakona, kamzere kofiira kopyapyala ngati tsitsi kamayamba kutulukira pa zoyerazo. Kamzere kameneko kakhala kakukula pa kutera kulikonse. Chitsulo chimene mungagule chachokera pa ndege ya msinkhu womwewo, chatera maulendo masauzande ngati chanucho, ndiye palibe chifukwa choganizira kuti icho chilibe. Kuyeza kwa eddy current, kogwiritsa ntchito mphamvu ya magetsi ndi maginito, kumafika pamene utoto sufika, ndipo ku Gauteng akatswiri ake alipo. Chitsulo chopakidwa penti yatsopano yonyezimira chizikuchititsani mantha koposa chakuda ndi girizi.

N'chifukwa chake wa pa Facebook uja sindikumukhulupirira. Mwina ndi munthu wabwino amene ali ndi chitsulo chabwino, koma ngati sangatchule ndege imene chinachoka, woyendera wa pa hang'ala yanu alibe poyambira kusayinira. Komanso akuba achuluka pa malonda amenewa. Amawerenga zilengezo za anthu ofuna masipeyala, amatenga chithunzi pa intaneti, n'kukuuzani kuti pali wina akuchifuna mawa, tumizani ndalama lero. Muuzeni ajambule chitsulocho pamodzi ndi pepala lolembedwa pamanja tsiku la lero ndi dzina lanu, nambala yodindidwayo ikuoneka. Muuzeni akuonetseni pa vidiyo akuchitembenuza. Wakuba amasowa pomwepo. Akakwanitsa zimenezi n'kutchulanso mbiri yake, pamenepo mungayambe kukambirana, koma chikayezedwebe.

Za kuwotcherera. Chitsulo chimenechi ndi aluminiyamu wolimbitsidwa ndi moto woyezedwa bwino ku fakitale. Moto wa wowotcherera umafewetsa malo ozungulira msoko, ndipo pamwamba pamaoneka pokongola pamene mphamvu yachoka. Luso la dzanja silingabwezere zimenezo. Kukonza kovomerezeka kumachitika kokha pa malo amene ali ndi chilolezo ndi ndondomeko yovomerezedwa ya chitsulo chimenecho, ndipo a m'magulu a Comanche angakuuzeni ngati mng'alu wa pamalo anuwo uli wokonzeka kapena ayi. Mudzamvanso ena pa intaneti akunena kuti mwini ndege ali ndi ufulu wopangitsa chipangizo chake. N'zoona, lamulo la FAA limalola zimenezo pa ndege yake yokha, malinga chipangizocho chikufanana ndi choyambirira pa mtundu wa chitsulo, miyeso ndi kapangidwe. Koma limenelo ndi lamulo la ku America. Ndege yanu, ngati nambala yake ikuyamba ndi ZS, ili m'manja mwa SACAA, bungwe loyang'anira za ndege ku South Africa, ndiye mufunse woyendera wanu musanadule chitsulo chilichonse. Ndipo ngakhale kukanaloledwa, ine ndikanavomera pa kabulaketi kapena kabushi, osati pa chitsulo chonyamula ndege yonse potera.

Pamene mukudikira, majekiwo agwire ntchito. Lamulo la FAA la AD 77-13-21 limafuna kuti miyendo ya Comanche iyenderedwe mozama pa maola 1,000 aliwonse, kuyeza mabushi ndi mabawuti ngati adyeka, ndiponso kuti mphira zokoka za bungee, zimene zimathandiza mwendo kukhoma, zisinthidwe pa maola 500 kapena pa zaka 3, chimene chayamba kukwana. Lamuloli linabwera mu 1977 chifukwa miyendo inkapindika ndege ili pansi, makamaka woyendetsa akaitsitsa pamanja mota itakana. Mabushi akadyeka pang'ono apa, pang'ono apo, mwendo sukhoma mokwanira, ndipo mphira zikatopa palibe chougwira. Onani tsiku limene mphirazo zinalowa m'buku la ndege. Yezani mwendo wakumanja ndi utoto womwewo, chifukwa watera maulendo ofanana ndi mnzakewo, ndipo ukapezeka ndi mng'alu n'kwabwino kufufuza ziwiri nthawi imodzi. Tsatirani mawaya opita ku timaswitchi ta m'miyendo, amene pa ndege za msinkhu uwu amakhala atauma n'kuyamba kusweka. Zonse zimene zapezeka mulembe pa pepala limodzi, zibwere m'bokosi limodzi. Ngati mwendo ukubwera wathunthu, uzani wotumizayo atulutse mpweya ndi mafuta onse, apo ayi onyamula katundu aukana.

Mwini ndegeyo mumuuze zoona, kuti ayembekezere miyezi, osati masabata, ndipo mumuitane abwere ku hang'ala aone yekha kamzere kofiira kaja ndi tochi. Mumuonetsenso mtengo wa ndege imene mwendo wapindika potera: pulopela yakhudza pansi, injini iyenera kutsegulidwa kuti iyenderedwe, mimba ya ndege yakhulika, mwinanso phiko. Mukalandira mayankho a ophwasula ndege aja, nditumizireni zithunzi ndi manambala ake tionere limodzi musanalipire.